Mmene Chuku Chotuŵa Chinapimira m'Minda ya Mphesa ku Champagne

Omvera amene anaonapo chuku pa chimanga chosungidwa chisanaume sadzavutika kuimvetsa nkhani ino. Ku Champagne, chigawo cha dziko la France chotchuka ndi vinyo, alimi amalimbana ndi chuku chotuŵa chimene akatswiri amachitcha Botrytis cinerea. Mvula ikagwa mphesa zili pafupi kupsa, chukuchi chimakuta matsango, zipatso n'kuwola mlimi akuona.

M'chaka cha 1968 kampani ya DuPont ya ku America inatulutsa mankhwala otchedwa benomyl. Mankhwala akale ankangokhala pamwamba pa tsamba, mvula n'kuwakokolola, koma aŵa ankaloŵa m'kati mwa mpesa weniweniwo. Alimi anakondwa, nayamba kupopera kangapo pachaka. Chimwemwecho sichinakhalitse. Mu 1971 akatswiri a ku Netherlands anapeza chuku chosamva benomyl pa maluŵa otchedwa cyclamen, ndipo zaka za m'ma 1970 zisanathe, chuku cha m'minda ya ku Champagne nacho chinali chitapima.

Chinachitika n'chiyani? Benomyl amamenya malo amodzi okha m'thupi la chuku, malo othandiza kuti maselo agaŵikane. Pa timbewu ta chuku miyandamiyanda, tina timabadwa tosiyana pang'ono pa malo omwewo, ndipo mankhwala satigwira. Kupopera kumapha tinzake tonse, tokhato n'kutsala tikuswana popanda wopikisana nato. Kunena zoona, mlimi ankapalira yekha munda wa mdani wake.

Kenaka kunabwera gulu lina la mankhwala, monga iprodione, vinclozolin ndi procymidone. Alimi anawathira moŵirikiza monga poyamba paja, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 chuku chinapimanso. Koma apa panali kusiyana. Atachepetsa kupopera, chuku chosamva mankhwala atsopanoŵa chinayamba kuchepa, pakuti chinali chofooka poyerekeza ndi chinzake, pamene chosamva benomyl chinakhalabe m'minda zaka zambiri mankhwalawo ataleka kuthiridwa. Alangizi tsono anauza alimi kuti gulu lililonse la mankhwala lizithiridwa kamodzi kokha pachaka.

Ngakhale zinali choncho, m'zaka za m'ma 1990 ku Champagne kunaoneka chuku cha mtundu wina, chimene chimalavula mankhwala a magulu osiyanasiyana asanachiphe. Alimi analimbikiranso ntchito zosafuna mankhwala: kuchepetsa feteleza wokulitsa masamba, ndi kuthothola masamba oyandikana ndi matsango kuti mphepo izidutsa, mphesa ziziuma msanga mvula ikakata.