Mliri wa zinkhwe wa 1929: mbiri yomwe mulibe m'silabasi

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, tikafika pa chaka cha 1929 timangophunzitsa za kugwa kwa chuma ku America. Ine ndimakonda kuwonjezerapo nkhani ina ya chaka chomwecho: mliri wa matenda ochokera ku zinkhwe, otchedwa psittacosis.

Mliriwu unabuka ku Argentina, mumzinda wa Córdoba, kumene amalonda ankagulitsa zinkhwe zochokera ku Brazil. Mbalame zina zoterezi, zothithikana m'makola auve, zinapita pa sitima zapamadzi ku Ulaya ndi ku America, ndipo ambiri anazigula ngati mphatso za Khirisimasi. Posakhalitsa eni ake anayamba kutentha thupi ndi kudwala chibayo. Anthu pafupifupi 800 anadwala, oposa 100 n'kumwalira.

Mu Januwale 1930 Pulezidenti Herbert Hoover analetsa kulowetsa zinkhwe m'dziko lake. Ku Washington, Dr Charles Armstrong amene ankafufuza matendawa anadwala koma anachira. Womuthandiza, Henry Anderson, anamwalira.

Lero tikudziwa kuti gwero lake ndi bakiteriya wotchedwa Chlamydia psittaci, amene amalowa m'thupi munthu akapuma fumbi la zitosi zouma. Chovuta n'chakuti mbalame ikhoza kukhala naye koma ikuoneka yathanzi.

Tsono inu osunga zinkhwe, chatsopano chizikhala pachokha masiku osachepera 30, ndipo dokotala wa ziweto achiyeze. Khola muzilinyowetsa musanakolope, osasesa pouma. Mankhwala a doxycycline alipo lero. Anzathu a 1929 analibe mwayi umenewu.