Ngozi ya Feteleza ku Oppau mu 1921

Fakitale ya ku Oppau, m'mbali mwa mtsinje wa Rhine ku Germany, inatsegulidwa ndi kampani ya BASF mu 1913. Inali yoyamba padziko lonse kupanga ammonia wochuluka potsatira njira ya Fritz Haber ndi Carl Bosch. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse ammoniayo ankapangira zophulitsira za asilikali, koma nkhondo itatha ntchito inabwerera ku feteleza. Antchito ambiri ankakhala m'tauni ya Oppau, nyumba zawo zitayandikana ndi fakitaleyo.

Feteleza wake anali wosakaniza ammonium sulphate ndi ammonium nitrate. Vuto linali loti amayamwa chinyezi, ndipo akaunjikidwa m'nkhokwe ankagwirana n'kulimba ngati thanthwe. Kumuswa ndi mapiki kunali kuika moyo pachiswe, chifukwa mulu unkatha kugumukira munthu. Choncho antchito ankaboola muluwo n'kutsekeramo zophulitsira zing'onozing'ono kuti uphwanyike. Akatswiri a kampaniyo anali atayesa n'kutsimikiza kuti feteleza wosakanizidwa chonchi sangaphulike, ndipo ntchitoyi inachitika pafupifupi ka 20,000 popanda ngozi. Chizolowezi chimenechi ndicho chinawagonetsa tulo.

Mu 1921 fakitaleyo inasintha kaumitsidwe ka feteleza. Anayamba kutuluka wouma kwambiri ndi wofumbutuka, ndipo ofufuza akukhulupirira kuti m'malo ena m'nkhokwe munaunjikana fumbi lokhala ndi nitrate wambiri. Kuphulitsa kunapitirira monga kale.

Lachitatu pa 21 September 1921, nthawi ili 7:32 m'mawa, nkhokwe nambala 110 inaphulika kawiri motsatizana. Munali matani pafupifupi 4,500, ngakhale kuti amene anaphulika anali mwina gawo limodzi mwa magawo khumi. Pamene panali nkhokweyo panatsala chidzenje chotalika mamita 125 ndi chozama mamita 19. Anthu oposa 500 anafa, pafupifupi 2,000 anavulala, ndipo nyumba 8 mwa 10 zilizonse za m'tauniyo zinagumuka, anthu masauzande n'kusowa pokhala. Magalasi a mawindo anasweka mpaka ku Mannheim ndi ku Heidelberg, ndipo mkokomo unamveka ku Munich, mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Pamwambo wa maliro panafika Friedrich Ebert, mtsogoleri wa dziko la Germany.

Chenjezo linalipo. Miyezi iwiri ngoziyi isanachitike, anthu 19 anafa ku Kriewald pamene antchito ankaswa ammonium nitrate wolimba ndi zophulitsira. Ku Oppau sanasinthe kanthu.

Fakitale inamangidwanso m'miyezi yochepa, ndipo tauni ya Oppau inalowa mu mzinda wa Ludwigshafen mu 1938. Dziko la Germany linaletsa kuswa feteleza wotereyu ndi zophulitsira, koma m'mayiko ena mchitidwewu unapitirira. Mu 1942 unapha anthu 189 ku Tessenderlo, m'dziko la Belgium.