Mbiri ya mpando wa phungu wa Kafue ndi mavoti a ku Nangongwe

Tauni ya Kafue idayamba ndi mtsinje. Kale kusanabwere njanji kapena fakitale, m'mbali mwa madzi amenewa munkakhala asodzi ndi alimi, Asoli a kwa Nkomeshya chakumpoto ndi Agoba a kwa Chiawa kumunsi kumene Kafue amathira mu Zambezi. Mu 1906 azungu omanga njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, adayala mlatho wachitsulo pamtsinjewu, ndipo pafupi pake padamera kasiteshoni ndi timasitolo. Kwa zaka zambiri Kafue adangokhala malo opumirapo sitima. Munthu wakuda wa kuno analibe mawu pa za boma, poti voti inali ya azungu ndi anthu ochepa okhala ndi chuma kapena maphunziro.

Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964, zinthu zidasintha msanga. Patangopita chaka chimodzi, mu Novembala 1965, Ian Smith adalengeza kuti Rhodesia wadziimira payekha, ndipo Zambia idaona kuti kudalira kummwera pa feteleza, nsalu ndi magetsi n'kudzimangirira chingwe m'khosi. Boma la Kenneth Kaunda lidasankha Kafue kukhala tauni ya mafakitale, chifukwa madzi, njanji ndi msewu waukulu zonse zinali pomwepo, komanso Lusaka ali pamtunda wosakwana makilomita 50. Kudzera ku kampani ya boma ya INDECO kudamangidwa Kafue Textiles yoomba nsalu, Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza imene idatsegulidwa mu 1970, ndi nyumba za antchito za ku Kafue Estates. Mu 1971 makina a ku Kafue Gorge adayamba kutulutsa magetsi.

Mbiri ya ntchito idamveka dziko lonse. Anthu adabwera kuchokera ku Chipata, Petauke, Katete, Mongu, Kasama ndi Monze, ndipo makomboni monga Nangongwe, Shikoswe ndi Zambia Compound adadzaza mabanja a zilankhulo zosiyanasiyana, Chinyanja n'kukhala chilankhulo cha pamsika ndi pabasi. Mwana wobadwira ku Nangongwe masiku amenewo ankakula akudziwa kuti akamaliza sukulu geti la fakitale likumudikira. Aliyense wofuna kumvetsa ndale za Kafue ayambire pamenepa, chifukwa pafupifupi kampeni iliyonse ya pambuyo pake yakhala ikulonjeza kubwezeretsa nthawi imeneyi.

Mu Disembala 1972 Zambia idakhala dziko la chipani chimodzi. Kuyambira pa chisankho cha 1973, onse opikisana pa mpando wa phungu ankakhala a UNIP, chipani cha Kaunda. Ankayamba apyola pa chisankho cha mkati mwa chipani, ndipo akuluakulu a chipani anali ndi mphamvu yochotsa dzina la munthu amene sankamufuna. Mpikisano unalipo ndithu, koma sunali wa mfundo za zipani. Munthu ankapempha voti potchula mbiri yake, abale ake ndi kuyandikira kwake kwa akuluakulu a ku Lusaka. Poti mafakitale anali a boma, phungu ankaonedwa ngati munthu wotha kukulankhulirako kwa mabwana kuti mwana wako alembedwe ntchito. Maganizo amenewa adazika mizu, ndipo mpaka lero sadazuke.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zidayamba kusowa. Makina akawonongeka zipangizo sizinkapezeka, ndipo mafakitale a boma adayamba kutsimphina. Zipolowe za mtengo wa ufa za mu Juni 1990 zidasonyeza kuti anthu atopa. Pa 31 Okutobala 1991 chipani cha MMD cha Frederick Chiluba chidapambana mipando 125 mwa 150, ndipo chaka chotsatira kudakhazikitsidwa bungwe logulitsa makampani a boma. Malire atatseguka, salaula idasefukira m'misika pamodzi ndi nsalu zotsika mtengo zakunja, feteleza wakunja nayenso n'kulanda msika. Kafue Textiles idafooka chaka ndi chaka mpaka makina adazima m'zaka za m'ma 2000. Nitrogen Chemicals idatsala m'manja mwa boma, koma inkagwira ntchito mwa apo ndi apo, malipiro akuchedwa, opuma ntchito akuyenda ulendo wa ku Lusaka kukafunsa ndalama zawo. Bambo amene ankayendetsa makina oombera nsalu adayamba kuphwanya miyala kapena kuwotcha makala, amayi n'kumagulitsa nsomba ndi tomato m'mbali mwa msewu.

Kuyambira pamenepo voti ya Kafue idakhala ya anthu opwetekedwa, ndipo ikuoneka m'mene mpando wayendera. Mu 2001 anthu adaupereka kwa Robert Sichinga wa UPND, chipani cha Anderson Mazoka chimene chinali ndi zaka zitatu zokha. Sichinga anali katswiri wa za ndalama ndipo m'Nyumba ya Malamulo ankadziwika ndi kufunsa boma za kayendetsedwe ka chuma, koma anali wa mbali yotsutsa pamene Levy Mwanawasa wa MMD ankalamula. Mu 2006 ovota adatembenukira ku chipani cholamula nasankha loya Bradford Machila, amene adakhala nduna ya za malo, kenaka ya ziweto ndi nsomba. Mu 2011 mphepo ya Michael Sata wa PF, amene ankalonjeza ntchito zambiri, misonkho yochepa ndi ndalama m'matumba, idafika ku Kafue, ndipo Obvious Mwaliteta wa PF adatenga mpando. Iyeyu adafika pokhala nduna ya chigawo cha Lusaka asanasamukire ku UPND mu 2016. Chaka chomwecho Mirriam Chonya wa UPND, amene adagwirapo ntchito ya ulembi waukulu ku unduna wa maphunziro, adapambana, ndipo mu 2021 anthu adamusankhanso.

Pa zisankho zinayi zotsatizana, kuyambira 2001 mpaka 2016, mpando udasintha chipani nthawi iliyonse. Anthu ena amati ovota a Kafue ndi osakhazikika. Ine ndikuona anthu amene akhala akufunsa funso limodzi, la ntchito, kwa aliyense wobwera, ndipo akapanda kuyankhidwa amayesa wina. Adayesa wotsutsa boma, adayesa nduna, adayesa wa chipani chatsopano. Fakitale ya zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries idabweretsa ntchito zina, monganso kumangidwa kwa malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, koma sizidakwanire achinyamata onse amene amamaliza sukulu chaka chilichonse.

Pambali pa ntchito, nkhani zimene ofuna mpando amakumana nazo ku Nangongwe n'zodziwika. Ku Iolanda, m'mbali mwa mtsinje womwewu, amapopa madzi opita ku Lusaka, pamene m'makomboni a Kafue amayi amalawirira kukaima pamzere pampopi. Mvula ikagwa misewu ya m'komboni imasanduka matope chifukwa ngalande n'zochepa. Namasupuni amatseka mtsinje n'kuvutitsa asodzi, ndipo mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi litaphulika, anthu a kumunsi konse adakumbutsidwa kuti zimene zatayidwa ku Copperbelt zimatsika ndi madzi amene iwo amadalira. Palinso nkhani ya malo: ndani amagawa mapuloti, ndipo mwana wa komweko angapeze bwanji pomanga.

Choonadi chimene kampeni zambiri zimabisa n'chakuti phungu satsegula fakitale. Ntchito yake ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti, kufunsa nduna ndi kulankhulira anthu ake. Chida chimene chili pafupi ndi dzanja lake ndi thumba la chitukuko cha m'dera, la CDF, limene lidayamba mu 1995. Kwa nthawi yaitali linali laling'ono, koma mu bajeti ya 2022 boma la Hakainde Hichilema lidalikweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo lakhala likukwerabe. Ndalamazi zimapita ku zipinda zophunziriramo, madesiki, zipatala zing'onozing'ono, mijigo, fizi ya ana a kusekondale zogonera komweko ndi ya ophunzira ntchito zamanja, komanso ngongole ndi thandizo la magulu a amayi ndi achinyamata. Zopempha zimayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi, n'kudutsa ku komiti ya dera, khonsolo n'kuyendetsa ntchitoyo. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mpandowu, wovota ali ndi muyeso umene angauone ndi maso n'kuuwerenga ndi manambala.

Akuluakulu adati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Choncho inu a ku Nangongwe, wofuna mpando akabwera ndi zitenje ndi zimkuzamawu, mulandireni mwaulemu, koma mumufunse zinthu zimene angathe kuyankha. Anene kuti ndalama za CDF zidzayambira pa ntchito iti, mndandanda wa olandira fizi ndi ngongole udzapachikidwa pati, adzafunsa chiyani m'Nyumba ya Malamulo pa za Nitrogen Chemicals ndi ndalama za opuma ntchito, ndipo adzabwera kangati pa chaka kudzafotokoza zimene wachita. Pitani ku misonkhano ya komiti ya wadi, lembetsani m'kaundula wa voti, ndipo tsiku la chisankho likafika muvotere munthu amene wayankha mafunso amenewa momveka.