Mafunso ndi Mayankho: Nyundo yopanda mpini inachokera kuti?

FUNSO: Pa foni ndinaona mayi wa ku Germany pa mpikisano wa Olimpiki wa 2012 akuzungulira ngati nguli, kenako n'kutaya chitsulo chomangidwa ku waya. Akuti ndi masewera oponya nyundo. Ine ndimawotcherera mageti, nyundo ndimaigwira tsiku ndi tsiku, koma pamenepo sindinaione. Zinayamba bwanji? Wowotcherera, Kalingalinga.

YANKHO: Bambo, maso sanakunamizeni. Nyundo inalipo, koma kale. Ku Ireland, Scotland ndi England amuna ankati akasonkhana pa zikondwerero, ankayesana mphamvu poponya nyundo yeniyeni ya osula zitsulo, ya mpini wamtengo. Pali ngakhale chojambula cha m'zaka za m'ma 1500 chosonyeza Mfumu Henry VIII ikuponya nyundo yotere. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mutu wa nyundo unasanduka mpira wachitsulo, ndipo mpini unalowedwa m'malo ndi waya wokhala ndi chogwirira. Woponya amazungulira katatu kapena kanayi m'kabwalo ka mamita 2.135 m'mimba mwake, chitsulo n'kumapita chikuthamangirathamangira, kenako amachisiya.

Amuna analowa nawo mu Olimpiki mu 1900 ku Paris, ndipo chitsulo chawo chimalemera makilogalamu 7.26. Akazi anadikira mpaka 2000 ku Sydney. Chawo ndi cha makilogalamu 4.

Mayi munamuonayo ayenera kuti ndi Betty Heidler, wobadwira ku Berlin mu 1983. Anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Osaka mu 2007, ndipo mu 2011 ku Halle anaponya mamita 79.42, mtunda umene panthawiyo mkazi aliyense anali asanaufikepo. Pa mpikisano wa Olimpiki wa 2012 ku London kunachitika zodabwitsa: anaponya mtunda wofanana ndendende ndi wa Tatyana Lysenko wa ku Russia amene anali atangoponya kumene, makina n'kukana kulemba poyesa kuti ndi nambala yomweyo yabwerezedwa. Oweruza anachita kuyezanso ndi tepi. Anapatsidwa mendulo yachitatu, imene inadzasanduka yachiwiri Lysenko atalandidwa yake chifukwa cha mankhwala oletsedwa.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi amanyamula zigubu ziwiri za madzi osapuma. Bwanji masewerawa sitiwaona m'makomboni muno? Mayi wa ana anayi, Chawama.

YANKHO: Mayi, mphamvu m'komboni sizisowa, aliyense amene anaona azimayi ophwanya miyala ku Kalingalinga angavomereze. Chosowa ndi malo. Masewerawa amafuna bwalo lopanda munthu lotalika mamita oposa 80, ndiponso khola la ukonde lotchinga woponyayo, chifukwa chitsulo chikapulumuka m'manja molakwika chingaphe munthu. Mabwalo athu a mpira ndi njira ya ana a sukulu ndi azimayi opita kumsika. Kuthamanga sikufuna zonsezo, ndipo n'kumene Zambia yatchukira: Samuel Matete anapambana ku Tokyo mu 1991, Muzala Samukonga anabwera ndi mendulo kuchokera ku Paris mu 2024.

Choncho musalole kuti wina amumangire mwala ku waya n'kumayesera paseri pa nyumba. Pitani naye ku Olympic Youth Development Centre, imene inatsegulidwa mu 2010 pafupi ndi msewu wa Great North, mukafunse aphunzitsi a masewera kuti mphamvu zakezo zingayambire pati.