Vinyo ndi Thobwa pa Khrisimasi: Miyambo ya Kwina ndi ya Kwathu

Disembala akalowa mashopu a pa boma la Katete, a ku Sinda ndi a ku Vubwi amadzaza ndi mabotolo. Acinyamata ena atifunsa kuti, popeza vinyo amachulidwa m'Baibulo ndipo Akhristu a maiko ena amamwa pa Khrisimasi, nanga ife bwanji? Tasonkhanitsa mfundo izi kuti banja lililonse likambirane likudziwa cimene cili m'cikho.

Vinyo n'ciani?

Vinyo weniweni ndi madzi a mphesa ofinyidwa ndi kusiyidwa kuti awire. Pa magawo 100 a vinyo wa m'botolo, magawo 11 mpaka 14 amakhala mowa, ndiye kuti amaposa kawiri mowa wamba wa m'botolo. Wambiri amene timaona kuno amacokera ku South Africa. Kumeneko vinyo woyamba anafinyidwa ku Cape pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck.

“Waini” wa m'midzi ndi m'makomboni mwathu ndi cinthu cina. Alibe mphesa, amafululidwa ndi suga ndi yisiti, ena n'kuthiramo masamba a tiyi kapena zipatso. Ukali wake palibe amaupima, ngakhale wofulula mwini.

Miyambo ya maiko ena

Ayuda pa mgonero wa Paskha amamwa zikho zinayi, cikho ciliconse pa nthawi yake m'kati mwa mapemphero ndi nkhani ya kuturuka m'Aigupto. Pa cakudya ca Paskha m'pamene Ambuye anayambitsa Mgonero umene timadya.

Ku Germany Khrisimasi imagwa m'nyengo ya cisanu coopsa. Pa misika ya Khrisimasi amatenthetsa vinyo wofiira pamodzi ndi sinamoni ndi makoko a malalanje, n'kumamwa m'makapu ang'ono. Amamucha Glühwein. Ku Sweden wofanana naye ndi glögg, ndipo aliponso wopanda mowa womwa ana.

Ku Spain, pakati pa usiku wa pa 31 Disembala, anthu amadya mphesa 12, imodzi pa kulira kulikonse kwa belu la ku Puerta del Sol mu Madrid. Akatha m'pamene amatsegula vinyo wa thovu wochedwa cava.

Ku Ethiopia Khrisimasi, yochedwa Genna, imacitika pa 7 Januwale, anthu atasala nyama ndi mkaka masiku opitirira 40. Cakumwa cawo ca phwando ndi tej, wopangidwa ndi uci, madzi ndi mtengo wa gesho.

Tikapenyetsetsa, m'maiko onsewa cakumwa cili ndi nthawi yake, muyeso wake, ndi cakudya copita naco.

Vinyo pa gome la Ambuye

M'caka ca 1869 Thomas Welch, Mkhristu wa Methodist wa ku Vineland m'dziko la America, anatenthetsa madzi a mphesa kuti asawire. Anafuna kuti mpingo ukhale ndi cikho cosaledzeretsa, ndipo pang'onopang'ono mipingo yambiri ya Ciprotestanti inatengera. Kwathu kuno, amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, nakhazikitsa Nyanje, m'boma la Sinda lero, mu 1905. Kuyambira masiku amenewo mipingo yambiri inaphunzitsa mamembala ake kupewa mowa. Mpaka pano mipingo imasiyana: ina imathira vinyo m'cikho ca Mgonero, ina madzi a zipatso. Amene ali ndi funso pa lamulo la mpingo wawo afunse abusa kapena akulu a mpingo.

Cakumwa ca phwando ca kwathu

Makolo athu sanalime mphesa, koma sanasowe cotungira mlendo. Thobwa limayamba ndi phala la mgaiwa. Phala likazizirako amathiramo cimera ca cimanga, mawere kapena mapira, n'kusiya kuti ligone. Cimera cimasungunula phala ndi kulitsekemeretsa. M'mawa mwake mwana, mayi woyamwitsa ndi agogo onse amamwa, ndipo limakhutitsa anthu opalira m'munda m'mwezi uno. Ena amakonda munkoyo, umene amathiramo mizu yosinja m'malo mwa cimera. Koma tikumbuke kuti thobwa likakhalitsa masiku limasasa n'kuyamba kuledzeretsa, motero la Khrisimasi liphikidwe pa 24, osati sabata yathunthu m'mbuyo.

Zofunika kusamala

Kacasu amachezedwa, motero ukali wake umaposa wa vinyo kutalitali. Tujilijili, timapaketi ta mowa waukali, boma linatiletsa mu Epulo 2012, koma mowa wotero unabweranso m'timabotolo totsika mtengo. Lamulo la Zambia la 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, conco kutuma mwana kukagula n'kumuika pa mayesero. Msewu wa Great East umadutsa pakati pa Sinda ndi Katete, ndipo woyendetsa njinga yamoto ataledzera amaika pa ngozi ndi amene wamunyamula yemwe.

Khrisimasi yathu imagwanso pamene nkhokwe zayamba kupepuka, cimanga ca m'munda cikufuna feteleza waciwiri, ndipo mu Januwale ana akufuna yunifomu ndi mabuku. Tini ya cimanga imene yapita ku mowa pa 25 Disembala imadzasoweka m'Febuluwale.

Tipempha mabanja akhale pansi sabata ino, bambo ndi mayi pamodzi, agwirizane zimene adzatungire alendo ndi ndalama zimene sizidzakhudzidwa. Ndipo amayi odziwa kuphika thobwa aitane atsikana ndi anyamata aone mmene cimera cimathiridwira.