Citundu kapena lilime?

Ku Lusaka, munthu akalankhula mosiyana ndi ena mu minibasi, sipatenga nthawi kuti wina amufunse: "Mukamba citundu bwanji?" Mau akuti citundu ali ndi tsinde limodzi ndi mau akuti mtundu. Motero amene afunsa za cinenero cako, afunsanso za mtundu wako ndi kumudzi kwanu. Kwa ambiri a ife amene tinabadwira ku Matero, Chawama kapena Kanyama, funsoli livuta. Tate ndi Mtonga, amai ndi Abemba, koma pakhomo tonse tikamba Cinyanja. Nanga citundu cathu ndi citi?

Pali mau ena amene amatanthauzanso cinenero, koma saloza mtundu wa munthu. Ndi mau akuti lilime. Buku Lopatulika, Baibulo yathunthu ya Cinyanja imene inatuluka mu 1922 motsogoleredwa ndi William Murray, inagwiritsa nchito mau amenewa m'njira ziwiri pa nkhani ya Pentekoste. Malilime ndi aja amene anaoneka ngati moto, ndiponso malilime ndi zinenero zimene ophunzira anayamba kulankhula. Ndiye cifukwa cake mpaka lero m'machechi timamva za kupemphera m'malilime. Lilime ndi ciwalo ca m'kamwa, ndipo aliyense ali nalo lake.

Mbiri ya Cinyanja mumzinda uno igwirizana kwambiri ndi mau aciwiriwa. Eni nthaka a dera lino ndi Asoli ndi Alenje. Pamene likulu la Northern Rhodesia linacoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, kunabwera anchito ambiri ocokera kum'mawa ndi ku Nyasaland. Cinyanja cinali kale cinenero ca apolisi ndi asilikali. Cinafalikira m'makomboni ndi m'misika, ndipo anthu amene analibe mbale aliyense ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, anayamba kucilankhula kuti agule, agulitse ndi kupeza nchito. M'kamwa mwao cinatola mau a Cinsenga, Cibemba ndi Cingelezi.

Dzina lake lomwe liloza nyanja. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda ku Malawi linasintha dzinali kukhala Chichewa, kulimangirira ku mtundu umodzi. Zambia sinatsatire. Kuno cinakhalabe Cinyanja, cimodzi mwa zinenero 7 zimene boma linasankha kuti zizimveka pa wailesi ndi m'masukulu, pamodzi ndi Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale.

Komabe manyazi sanathe. Ukapita ku Katete amakuseka kuti ukamba "Cinyanja ca m'tauni". Kusukulu, mwana amene amati "nifuna manzi" kunyumba apeza buku lolembedwa kuti "ndifuna madzi", ndipo amucongera kuti walakwa. Ena amafika poganiza kuti alibe cinenero cao.

Kuphunzira Cicewa ca m'mabuku n'kwabwino, ndipo kuphunzira citundu ca agogo ako n'kwabwino koposa, akali moyo. Koma cimene tilankhula mu Lusaka si Cicewa coonongeka. Cakhala cikukula kwa zaka pafupifupi 90, ndipo ana ambiri amayamba naco kulankhula. Wina akakufunsa citundu cako, ungamuuze mtundu wa atate ndi wa amai. Ukatero umuuzenso lilime limene unakula nalo, osacita nalo manyazi.