Chiyambi cha Nyimbo Zochemerera Mpira

Mpira wamiyendo ndi mlendo m'dziko muno. Malamulo ake analembedwa ku England m'chaka cha 1863, ndipo kuno anabwera nawo ndi Azungu a mishoni ndi a boma. M'malamulowo mulibe ndime yonena kuti osewera aziimbiridwa nyimbo. Komabe aliyense amene anaonapo timu ya sukulu ikutsika pa lole kudera la Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, akudziwa kuti anyamata salowa m'bwalo mwakachetechete. Mmodzi amayambitsa nyimbo, ena onse navomera, atsikana akuomba m'manja, ng'oma ndi wezulo zili pakati. Kaimbidwe kameneka n'kakale kuposa mpirawo.

Makolo sankagwira ntchito yolemetsa pakamwa pali duu. Amayi pamtondo, abambo padima ndi alenje popita kuuzimba, onse anali ndi nyimbo zawo zoyambitsa mmodzi ena n'kumavomera. Alomwe, amene anasamukira kuno ambiri kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, anadza ndi tchopa, gule wovinidwa pothira nsembe ndi pokondwerera zokolola kapena nyama yakuuzimba. Bungwe la UNESCO linalemba guleyu m'kaundula wake mu 2014. Nawo Angoni a Chikuse, amene anaoloka Shire mu 1884 nathawitsira anthu kumapiri, ankayamba avina ndi kuimba asananyamule zishango. Anthu amenewa ankadziwa kuti mantha amakula munthu akakhala chete payekha, ndipo amachepa pamene mawu ake asakanikirana ndi a anzake.

Mu 1900 Mbusa John Chilembwe, atabwerako kumaphunziro ku America, anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Ana a kumeneko anazolowera kuimba nyimbo za m'tchalitchi pamodzi, mwadongosolo. Nkhondo ya Azungu itabuka mu 1914, Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Pa 23 January 1915 iye ndi omutsatira anaukira boma ndi eni esiteti ya Magomero. Asilikali anagumula tchalitchi cha ku Mbombwe, ndipo mishoniyo inakhala yotseka kufikira 1926 pamene Dr. Daniel Sharpe Malekebu anaitsegulanso.

Nkhondo ija siinaime. Inapitirira mpaka 1918, ndipo amuna ambirimbiri anapita ku East Africa, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ena ngati amtengatenga. Chodabwitsa n'chakuti nkhondo yomwe Chilembwe anaikanayo ndiyo inabweretsa gule amene anadzaumba kachemereredwe ka mpira. Opulumuka anabwerako ndi beni.

Beni anayambira m'matauni a Aswahili a m'mbali mwa nyanja yamchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890. Dzina lake likuchokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oimba malipenga. Kumeneko kunali magulu opikisana, ndipo otchuka anali Marini ndi Arinoti. Kuno beni anamera mizu pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba. Abale ake ndi malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa m'chigawo chapakati. Gulu lililonse la malipenga kapena mganda linkatchedwa boma, ndipo linali ndi mfumu yake, akapitawo, ngakhalenso dokotala ndi namwino. Ovina ankavala zofanana, zochapa ndi zosita bwino, nayenda pamzere motsatira wezulo. Boma la mudzi wina linkayenda ulendo kukapikisana ndi la mudzi wina, likuimba zodzitama ndi zonyogodola anzawowo. Munthu akachotsapo ng'oma naikapo chikopa cha mpira, chotsalacho ndi timu: yunifolomu, kaputeni, wezulo, ulendo wa kubwalo la eni, ndi khamu loperekeza. N'chifukwa chake mpira utafika m'midzi kudzera m'sukulu, anthu sanafune wowaphunzitsa kuchemerera.

Chiradzulu ili pakhomo pa Limbe ndi Blantyre, motero zochitika m'tauni sizinkachedwa kufika kumudzi. Timu ya Wanderers inayamba mu 1962, ya Bullets mu 1967, ndipo mkangano wa Manoma ndi Maule unagawa mabanja ndi makalasi omwe. Wopita kukaonera mpira kubwalo la Kamuzu, lomwe kale linkatchedwa Rangeley, ankabwerako ndi nyimbo yatsopano. Pofika Lachisanu ana a sukulu anali ataisintha kale, atachotsa dzina la katswiri wa m'tauni n'kuikamo la goloboyi wawo. Wailesi ya MBC nayo inathandiza. Mu 1978 timu ya dziko lino inagonjetsa Zambia 3-2 n'kutenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, ndipo mu 1979 inachitetezanso ku Kenya. M'masiku amenewo a Kinnah Phiri, anthu ankaunjikana pa wailesi imodzi, namva mkokomo wa khamu kuseri kwa mawu a muulutsi. Panalinso nyimbo ya fuko, imene anapeka Michael Sauka. Iyo siithamangitsa magazi ngati ng'oma, koma wosewera amene waima nji poimva amakumbuka kuti sakusewerera mudzi wake wokha.

Si nyimbo zonse zimene zinali zabwino. Chizolowezi chonyogodola chija chinkapyola malire. Panali nyimbo zotukwana amayi a osewera, zonyoza mtundu wa anthu, ndi zonena kuti alendo akwirira mankhwala pagolo. Masewero ambiri a sukulu anathera m'kugendana chifukwa cha mawu oimbidwa mpira usanayambe n'komwe, ndipo oimbira mpira ena anapulumukira m'nyumba za aphunzitsi. Ovina beni ankanyozana ndithu, koma chiweruzo chinali m'manja mwa oonerera, ndipo wogonja ankapita kukakonza mavinidwe ake. Ochemerera mpira ena anatengako kunyozako, nasiya mwambo wakewo.

Mu 2010, chaka chimene Malawi inachinya Algeria 3-0 ku Angola, mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku South Africa, ndipo lipenga lapulasitiki la vuvuzela linafalikira mpaka kumabwalo a m'midzi. Lili ndi liwu limodzi lokha, ndipo likalira woyambitsa nyimbo samvekanso. Pambuyo pake panadza zimkuzamawu ndi mafoni. Lero wosewera wa timu yaikulu amatsika basi atatseka makutu ndi timawaya, akumvera nyimbo imene mnzake wapambali sakuimva. Komabe matimu ambiri, asanatuluke m'chipinda chovalira, amavula timawayato, nagwirana mapewa, wina n'kuyambitsa kolasi ya kutchalitchi, ena onse navomera.